Stan & Ollie: kodi anayambanadi, kapena a filimu atinamiza?

Nachisale: Moni pagulu abale. Usiku wathawu magetsi anatichitira chifundo, ndiye ndinaonera filimu ya Stan & Ollie, ija ya 2018. Ndinkaganiza kuti ndiseka mpaka nthiti kuwawa, koma ndinamaliza ndikupukuta misozi ndi chitenje, bambo akunyumba akundifunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Kwa amene simunaione, ndi mbiri ya Stan Laurel ndi Oliver Hardy, aja wina wowonda wina wonenepa, a zipewa zakuda zozungulira. Koma si nthawi imene ankawala ku Hollywood ayi. Ndi mu 1953, atakalamba, akuyenda m'maholo a ku Britain ndi Ireland. Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: pali pamene amakangana paphwando ku London, Stan akuti mnzakeyo anamupereka, Ollie akuyankha kuti iwe unkakonda dzina lathu basi, ineyo sunandikondepo. Kodi zimenezi zinachitikadi? Chifukwa ngati ndi zoona, mtima wanga wasweka.

Kamnyamata ka Area 25: Amayi, mukulirira azungu amene anamwalira agogo anga asanakwatire? Ine ndimadziwa Mr Bean basi.

Nachisale: Khala chete iwe, akuluakulu ayankhe kaye.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nachisale, pukutani misozi. Mkangano wa paphwandowo anachita kuupeka wolemba filimu, Jeff Pope. Mbiri ya awiriwa siionetsa kuti anatukwanizanapo pagulu chotero. Koma sanautole m'malere, pali chingwe chimene anagwira. Mu 1939 Hardy anasewera filimu yotchedwa Zenobia, ya njovu ija, popanda Laurel. Anamuphatikiza ndi wanthabwala wina, Harry Langdon. Chifukwa chake n'chakuti mwini situdiyo, Hal Roach, sankawalemba ntchito ngati gulu limodzi. Aliyense anali ndi kontirakiti yakeyake, ndipo zinkatha nthawi zosiyana. Ya Stan ikatha, ya Ollie imakhala idakalipo, ndiye sakanatha kunyamuka limodzi kukakambirana malipiro kwina. Nthawi imeneyo Stan anali atasemphana ndi Roach, Ollie akadali womangidwa. Akanatani mwana wa eni? Ndipo chaka chomwecho anabwererana n'kupanga The Flying Deuces. Anthu osungirana chakukhosi zaka 14 sachita choncho.

Phiri wa ku Preston: Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezere kuti filimuyi yatembenuzanso ulendo wawo. Imathera ku Ireland, sitima ikufika anthu akuwalandira. Zenizeni n'zakuti kumeneko ndiye kunali koyambira. Anafika pa doko la Cobh pa 9 September 1953, mabelu a tchalitchi chachikulu cha St Colman's akuimba kanyimbo kawo kodziwika kaja, anthu atadzaza gombe lonse, ndipo awiriwo analira. Mathero enieni anali ku Plymouth, ku England, pa 17 May 1954. Anasewera usiku umodzi wokha, Hardy n'kudwala mtima, masiku otsalawo n'kuimitsidwa. M'filimu amugwetsera ku Worthing pa mpikisano wa chiphadzuwa.

Nachisale: Ndiye kuti ndinalirira bodza?

Che Jailosi: Ayi achemwali, simunalirire bodza. Ndimvereni bwino, ine ndakhala m'zisudzo kuyambira ndili ku sekondale. Sewero si lipoti la kupolisi. Anthu awiri akakhala limodzi zaka pafupifupi 30, pamakhala mawu amene sanayankhulidwe koma alipo. Wolemba amatenga mawu amenewo n'kuwaika pakamwa pawo kuti ife owonera tiwamve. Mukufuna tikhale ola ndi theka tikuonera madala awiri akumwa tiyi mwamtendere m'sitima? Mukanazimitsa n'kukagona.

Aphunzitsi Opuma: Che Jailosi, pamenepo ndiye tisiyana. Choona chake n'chokoma kuposa chopekacho, ndipo opanga filimu anachiopa chifukwa chilibe phokoso. Tamverani. Zaka zonse zimene ankawala kwa Hal Roach, kuyambira 1927, awiriwa sankachezerana kwenikweni. Sanali adani, koma aliyense ankayenda njira yake. Kujambula kukatha, Hardy, amene anzake ankamutcha Babe, ankathamangira ku gofu kapena ku mpikisano wa akavalo kukabetcha. Stan ankatsalira ku situdiyo mpaka usiku, akulemba nthabwala zamawa, akudula ndi kulumikiza filimu. Uja amaoneka wopusa pa kanema, wokanda m'mutu n'kumalira ngati mwana, ndiye anali mutu wa zonse. Hardy akafunsidwa za ntchito ankangoti kafunseni Stan. Nchifukwa chake Stan ankalandira ndalama zambiri kuposa mnzake, ndipo Hardy sankaona vuto. Ubwenzi weniweni unadzabwera mochedwa, pa maulendo a ku Britain a 1947, 1952 ndi 1953, atayamba kugona hotela imodzi, kukwera sitima imodzi, kudya tebulo limodzi. Anthu odziwana atakalamba, atagwira kale ntchito limodzi mafilimu oposa 100. Mundiuze kuti imeneyo si nkhani?

Che Jailosi: Ndi nkhani, koma mungaijambule bwanji aphunzitsi? Kamera imafuna kuona chinthu chikusweka kenako chikulumikizidwa. Ndipo musawalakwire anthuwa, zimene mukunenazo zilimo. Onerani pamene Stan akukhala pabedi la Ollie wodwala, n'kulowa m'bulangete kuti amufunditse, atagwirana manja. Palibe phokoso pamenepo.

Nachisale: Eeh, pamenepo ndi pamene chitenje chinanyowa.

NaBanda wa Joni: Inu mukukangana za amuna okhaokha, ine anandisangalatsa ndi akazi awo. Ida, mkazi wa Stan, wa ku Russia uja, ndi Lucille wa Ollie. Akangofika ku London filimu imadzuka. Ida akulanda kapu ya mowa m'manja mwa mwamuna wake n'kumwa yekha kuti bamboyo asadwale, Lucille akuwerengera Ollie chilichonse chimene akudya. Ndipo akulumana okhaokha ngati akazi apamitala. Nina Arianda ndi Shirley Henderson anaba filimu imeneyi. Aliyense amene anasamalirapo mwamuna wa shuga kapena BP awadziwa azimayi amenewa.

Phiri wa ku Preston: Achemwali, Lucille anakumana ndi Hardy pa ntchito, iye ndiye ankayang'anira zolembedwa pojambula The Flying Deuces. Anakwatirana mu 1940, ndipo anali mkazi wachitatu. Stan ndiye osanena, anakwatira akazi anayi, wina mpaka kumukwatira n'kumubwereza. Ida anabwera mu 1946 ndipo ndi amene anakhala naye mpaka imfa.

Kamnyamata ka Area 25: Akazi anayi? Wopusa uja? Ndayamba kumulemekeza.

Adimini: Iwe mnyamata, ukapitiriza ndikutulutsa kwa sabata.

Aphunzitsi Opuma: Mwanayo waseka koma wakhudza pachilonda. Maukwati amenewo ndi amene anadya ndalama. Ndalama zolipira akazi osudzulidwa, maloya, ndipo kwa Hardy akavalo. Koma chachikulu n'chakuti mafilimu sanali awo. Anali antchito olandira malipiro. Pamene wailesi za kanema ku America zinayamba kuonetsa mafilimu awo akale m'zaka za m'ma 1950, ana atsopano akuwadziwa, iwo sankapatsidwa kalikonse. Yerekezani ndi Charlie Chaplin. Iye ndi Stan anachokera gulu limodzi la Fred Karno, anawoloka nyanja limodzi mu 1910, Stan ali wolowa m'malo Chaplin akadwala. Chaplin anakhala mwini wa mafilimu ake, anali mmodzi wa oyambitsa kampani ya mafilimu ya United Artists mu 1919, ndipo anamwalira ali mpondamatiki ku Switzerland. Stan anamalizira m'kanyumba kalendi ku Santa Monica. Sanali wopemphapempha ayi, koma pa dzina lalikulu ngati limenelija mukanayembekezera zoposa pamenepo.

Che Jailosi: Zomwezo timalira ife kuno. Umasewera, wina amajambula, mawa ukupeza CD yako ikugulitsidwa mumsika, lero ili pa YouTube ya munthu amene sunamuonepo. Iwe ukukwera kabaza.

Nachisale: Nanga zija za maholo opanda anthu? Zinandimvetsa chisoni, akusewera ku Newcastle mipando ili pululu, akugona kanyumba ka alendo konyozeka.

Phiri wa ku Preston: Pamenepo anathira mchere wambiri. N'zoona kuti ulendo womalizawu sunali ngati wa 1947, pamene makamu ankatseka masiteshoni a sitima ndipo anasewera pamaso pa Mfumu George VI ku London Palladium. Pofika 1953 anthu anali atayamba kukhala kunyumba kuonera TV, maholo ambiri a zisudzo akuvutika. Koma sikuti anthu anali atawaiwala. Nkhani ya filimu ya Robin Hood imene m'filimumu akuyembekezera kusewera, inalipodi koma inali ya ulendo wa 1947. Opanga filimu anasonkhanitsa maulendo atatu n'kuwaphika m'poto mmodzi. Bernard Delfont amene ankakonza maulendowo anali munthu weniweni, koma wanthabwala uja akufuna kumuika m'malo mwa Ollie, Nobby Cook, sanakhaleko.

Ine ndinapitako ku Ulverston, kwawo kwa Stan ku England, si kutali ndi kuno ku Preston. Katauni kakang'ono, kali ndi nyumba yosungira zinthu zawo, ndipo panja pa Coronation Hall pali chiboliboli cha awiriwa atatsamira mtengo wa nyali. Anachiika mu 2009. Stan anabadwira kumeneko mu 1890, dzina lake lenileni Arthur Stanley Jefferson. Hardy ndi wa ku Harlem, osati ya ku New York, koma katauni ka ku Georgia, 1892. Ndinajambulitsa nditavala chipewa, akazi anga anati ndine Ollie weniweni, pamimbapa.

NaBanda wa Joni: Tumizani chithunzicho achimwene, tiweruze tokha.

Phiri wa ku Preston: Chinafufutika mwangozi.

Gama: Ndalowa mochedwa, bandulo inatha. Ndawerenga zonse. Ine ndili mbali ya Aphunzitsi, ndipo chifukwa changa ndi filimu ina, Bud and Lou ya 1978, ya anthabwala ena awiri a ku America, Bud Abbott ndi Lou Costello. Harvey Korman anali Bud, Buddy Hackett anali Lou. Kumeneko ndi kumene mumaona kuipa kothira mchere. Anamupanga Lou Costello kukhala munthu waukali, wodzikonda, wozunza mnzake, mpaka abale ake anakhumudwa, ndipo mwana wake wamkazi Chris anadzalemba buku lake mu 1981 lofotokoza bambo ake mmene iye ankawadziwira. Munthu atamwalira sangadziteteze. Amene sanawerengepo kalikonse amatenga filimu ngati uthenga wabwino.

Ndipo Che Jailosi, awiri amenewo sankafunika kuwapekera. Anakanganadi za ndalama, mpaka Costello anaumirira kuti azilandira 60 pa 100 iliyonse, Abbott 40. Abbott anali ndi khunyu ndipo ankamwa. A msonkho anawalanda katundu. Anasiyana mu 1957, Costello n'kumwalira 1959. Koma chimene chimandizizira m'thupi ndi cha November 1943. Mwana wa Costello wamwamuna, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse chaka, anagwera m'dziwe losambira pakhomo n'kumira. Tsiku lomwelo bamboyo anapita pa wailesi n'kuchita pulogalamu yonse, anthu akuseka, ndipo Abbott ndiye anauza omvera pamapeto zimene zachitika.

Nachisale: Mayo ine. Mwana ali chigonere?

Che Jailosi: Kwathu kuno akanamunena kuti anakhwimira. Koma ife a pasiteji timamvetsa. Ndinaseweranso ine uthenga wa malume anga uli m'thumba, chifukwa anthu anali atalipira kale pakhomo ndipo anzanga asanu ankadalira ndalama imeneyo. Ndinakalirira kuseri kwa holo. Achimwene a Gama, mfundo yanu ndaimva. Koma pali kusiyana pakati pa kunamizira munthu kuti anali woipa ndi kupeka mkangano umodzi umene ukuthera pa chikondi. Stan & Ollie sinanyoze aliyense. Steve Coogan, amene anasewera Stan, ndi John C. Reilly, amene anasewera Ollie, anawalemekeza madalawo, anaphunzira ngakhale gule uja wa mu Way Out West phazi ndi phazi. Reilly ankakhala maola akumumata nkhope ndi thupi lonenepa asanayambe kujambula.

Gama: Sinanyoze, koma Mayi Nachisale anabwera pano akukhulupirira kuti Hardy anapereka mnzake. Akanapanda kufunsa?

Che Jailosi: Koma afunsa. Ndipo asanaonere filimuyo sankadziwa n'komwe kuti kuli Zenobia.

Aphunzitsi Opuma: Apo mwandigwira pang'ono. Ndivomereze kuti adzukulu anga anayamba kufufuza The Music Box ataona kachigawo kaja kamene bokosi la katundu likutsetsereka pa masitepe a pasiteshoni. Ndinawauza kuti akuchitira ulemu filimu ya 1932, imene awiriwa akukweza piyano pa masitepe oposa 130 ku Los Angeles, ndipo inapata Oscar. Anaionera katatu, akugubuduka pansi, ana oti Chingerezi chawo n'cha Sitandade 4. Koma ndikanakondabe akanalemba poyambirira kuti zina tawonjezera.

NaBanda wa Joni: Pali inanso ya Dean Martin ndi Jerry Lewis, ya 2002, ndinaionera kwa abwana anga akale. Awo ndiye anadanadi. Zaka 10 ali limodzi, kusiyana mu 1956, osayankhulana kwenikweni mpaka woimba Frank Sinatra anawakumanitsa mwadzidzidzi pa TV mu 1976. Chimene ndinatolapo n'chakuti uja woyambitsa nthabwala, amene saseketsa yekha koma amatchera kuti mnzake awombe, ndi amene amatopa. Anthu onse akuti Jerry, Jerry, ngati Dean ndi mtengo wongoimikidwa.

Che Jailosi: Achemwali mwalasa. Ntchito yovuta kwambiri pasiteji ndi imeneyo. Ukachedwa ndi mpweya umodzi, nthabwala yafa. Koma kwa Laurel ndi Hardy n'zosiyana, onse awiri ndi zitsiru. Kungoti wonenepayo amadziona ngati wanzeru. Akayang'ana mu kamera muja, akugwedeza tayi, amakhala akutiuza ife kuti taonani zimene ndikukumana nazo. Chonsecho iye ndi amene agwere m'matope.

Phiri wa ku Preston: Kuno amakondanso Eric and Ernie ya BBC, 2011, ya anthabwala a ku Britain, Eric Morecambe ndi Ernie Wise. Imeneyo inasankha unyamata wawo, asanatchuke, ndipo mtima wa nkhani ndi mayi ake a Eric, Sadie, amene ankawakankha. Victoria Wood ndiye anasewera mayiyo. Mulibe mkangano waukulu koma anthu anaikonda, Daniel Rigby, amene anasewera Eric, mpaka analandira mphoto ya BAFTA. Ndiye Che Jailosi, zimatheka popanda kuswa mbale.

Che Jailosi: Mwandiunjikira lero.

Kamnyamata ka Area 25: Chabwino, ndafufuza pa YouTube, za piyano zija n'zoseketsadi. Koma funso langa ndi ili akuluakulu. Bwanji tikutha bandulo ndi azungu pamene ya Izeki ndi Jakobo palibe amene waipanga?

Nachisale: Adimini musamutulutsenso, wayankhula zanzeru koyamba.

Gama: Zoona. John Nyanga, Izeki uja, anatisiya mu 2016, Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021. Dziko lonse linkawadziwa, kuyambira pa wailesi, pa TV, mpaka m'maholo ndi Kwathu Drama Group. Mabedi anakhala zaka zisanu popanda mnzake. Ndikaona Stan atatsala yekha ndimaganiza za iye.

Che Jailosi: Ndiye bwerani nayoni mfundo yanu ija tsopano. Tinene kuti ndapeza ndalama, ndikupanga filimu ya Izeki ndi Jakobo. Mukundiuza kuti ndisaikemo mawu alionse amene sanalembedwe penapake? Ndiwapeza kuti? Azungu aja ali ndi makalata, makontirakiti, manyuzipepala a tauni iliyonse imene anapondamo. Filimu yomwe tikukambayi inachokera m'buku la A. J. Marriot, munthu amene analondola maulendo awo a ku Britain holo ndi holo. Ife zathu zili m'mitu ya anthu, ndipo anthuwo akutha.

Gama: Mukafunse amene ali moyo. Anzawo a ku Kwathu alipo, mabanja alipo. Koma tsiku limene mudzapeke kuti awiriwa anatukwanizana paphwando pofuna kuti filimu ikome, mudzakumana ndi ana awo ku Limbe, muwafotokozere nokha. Kuno si ku Hollywood, tonse timakumana pamaliro.

Che Jailosi: Hmm. Imeneyo ndiye ndilibe yankho lachangu. Ndikanayamba ndakhala nawo pansi, n'kuwawerengera ndisanajambule. Akakana, ndachotsa.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye kuti mwafika kumene ine ndinayambira, kungoti mwadzera njira ya kumunda.

Che Jailosi: Ayi aphunzitsi, ine ndati ndikawapempha chilolezo chopeka. Inu mukuti ndisapeke n'komwe.

NaBanda wa Joni: Inu madala awiri mwasanduka Izeki ndi Jakobo a pagulu pano. Ine funso langa ndi lina: angasewere ndani? Chifukwa nkhope ija ya Izeki, akangoti tuzu maso asanayankhule n'komwe anthu agwa kale, simungaipeze pa msika.

Nachisale: Ndisanapite kukaphika, wina andiuze mathero enieni. Filimu imangolemba mawu ochepa pamapeto, ndipo maso anga anali atadzaza kale.

Aphunzitsi Opuma: Atabwerera ku America panali mapulani oti apange masewero a pa TV, koma Stan anachita sitiroko mu 1955. Iye atayamba kupeza bwino, Hardy anali ataonda kwambiri potsatira malangizo a madokotala, mpaka anthu osamuzindikira. Mu September 1956 nayenso anachita sitiroko yaikulu, osayankhulanso. Anamwalira pa 7 August 1957. Stan sanapite kumaliro chifukwa cha thanzi lake, anangoti Babe akanamvetsa. Kuyambira pamenepo anakana kuseweranso. Anamuitana ngakhale mu filimu yaikulu ya nthabwala ya 1963, It's a Mad, Mad, Mad, Mad World, iye anakana. Mu 1961 anamupatsa Oscar yaulemu. Ankakhala ku Santa Monica kuja akuyankha makalata a anthu pa taipi yake, nambala yake ya foni ili m'buku la aliyense, moti wamafilimu mnzake Dick Van Dyke anangoipeza m'menemo n'kumuimbira. Ndipo ankalembabe nthabwala za anthu awiri, za iye ndi Ollie, mpaka anamwalira pa 23 February 1965.

Nachisale: Ankalembera munthu woti anamwalira?

Aphunzitsi Opuma: Zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, mayi.

Nachisale: Basi, ndiwo zipserera. Phiri, chithunzi chija tikuchidikirabe.